PHUNZIRO LA SAYANSI: KAMPIRA KACHITSULO NDI ZITHUNZI ZA PAGALASI

Anzanga aseminale, m'phunziro lino ndikufuna tione m'mene kuwala kumagwirira ntchito m'makina a masewera otchedwa pinball, amene kwawo kwenikweni ndi ku Chicago, m'dziko la America. Kampira kachitsulo kamagubuduzika pathabwa lopendekeka, kunsi kwa galasi, ndipo wosewera amakamenya ndi timikono tiwiri kuti kasagwere m'dzenje.

M'chaka cha 1999 kampani ya Williams idatulutsa Pinball 2000. Idapachika kanema pamwamba, choyang'ana pansi. Galasi linkabweza kuwala monga amachitira madzi a padziwe, kotero zithunzi zinkaoneka ngati zaima pathabwa, kampira nkumazigunda. Mwini makina ankathanso kuchotsa thabwa ndi kuikapo la masewera ena, osagula bokosi latsopano. Tsoka ilo, chaka chomwecho Williams idaleka kupanga pinball.

Nzeruyi siidafere pomwepo ayi. M'makina a P3, a kampani ya Multimorphic ya ku Texas, kampira kamayenda pamwamba penipeni pa kanema, ndipo chigawo chakumtunda cha thabwa chimasinthidwa.

Ine ndatolapo ichi: kompyuta ingajambule zotani, kampira kamamverabe mphamvu yokokera zinthu pansi.

Funso: galasi limodzi lingaonetse bwanji thabwa ndi chithunzi nthawi imodzi? Mayankho aperekedwe kwa a Mkonzi.