Maphunziro a za Anthu Akuda ndi Tsankho la Khungu: Mafunso ndi Mayankho

Kodi maphunziro a za anthu akuda n'chiyani?

Awa ndi maphunziro ofufuza mbiri, zolemba, chipembedzo ndi ndale za anthu a mu Africa ndi zidzukulu zawo kulikonse kumene ukapolo ndi utsamunda zinawamwaza, komanso mmene khungu linasandukira muyeso wogawira malo, ntchito ndi ulemu. Ku America amawatcha Black Studies, ndipo dipatimenti yake yoyamba inakhazikitsidwa pa San Francisco State College chifukwa cha sitalaka ya ophunzira ya mu 1968 ndi 1969.

Nanga ku Malawi anafika motani?

Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu Blantyre mu 1965, nkhanizi zinalowera m'phunziro la mbiri, popeza m'dziko limene pafupifupi aliyense ndi wakuda panalibe chifukwa chozipatulira pazokha. Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973, mmodzi wa aphunzitsi ake a mbiri anali Bridglal Pachai, mmwenye wobadwira ku South Africa, amene anasonkhanitsa buku la The Early History of Malawi la mu 1972, ndipo pambuyo pake anakatsogolera Black Cultural Centre ku Nova Scotia m'dziko la Canada.

N'chifukwa chiyani dzina la Chilembwe silisowa pa kafukufukuyu?

John Chilembwe ndiye amalumikiza Chiradzulu ndi anthu akuda a ku America. Anapita kumeneko ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira pa seminale ya Abaptisti akuda ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, kumene Landon Cheek ndi Emma DeLany, amishoni akuda a ku America, anadzagwira naye ntchito. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price la mu 1958, Independent African, linaonetsa kuti kuukira atsamunda kumene Chilembwe anatsogolera pa 23 Januwale 1915 sikungamveke pongoyang'ana thangata, ndiko kuti ntchito imene anthu ankagwirira eni minda m'malo mwa lendi, popanda kufunsanso zimene Chilembwe anaona ku Virginia. Atsamunda eniakewo ankauopa ubale woterewu ndi anthu akuda a ku America, moti mu 1926 anamanga Isa Macdonald Lawrence chifukwa chobweretsa nyuzipepala zoletsedwa, kuphatikizapo Negro World ya Marcus Garvey.

Wofufuza wa mu Blantyre sasowa poyambira, chifukwa m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, pamalo omwewo pamene anthu a Chilembwe anafika usiku pa kuukira kuja kudzalanda mfuti za kampani ya African Lakes.

Kodi mzindawu ukuphunzitsa chiyani pa nkhani ya khungu?

Mapu a Blantyre ndi umboni pawokha. Azungu anadzitengera mapuloti aakulu a mitengo ku Sunnyside ndi ku Mandala, amwenye anakhazikika m'mizere ya masitolo, makamaka ku Limbe, pamene antchito akuda anaunjikana ku Ndirande ndi m'midzi yozungulira, n'kumalawirira wapansi kupita m'tauni. Pakati pa onsewa panali makaladi, amene lamulo linkavutika kuwapatsa dzina. Ufulu sunafafanize mizereyi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma linachotsa amwenye amalonda kumidzi n'kuwalamula kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Kodi nthawi ya Kamuzu inathandiza maphunzirowa?

Apa pali chodabwitsa chimene sichinafukulidwe mokwanira. Dr. Kamuzu Banda anaphunzirako m'masukulu a anthu akuda ku America, monga ku Wilberforce ndi ku Meharry kumene anamaliza udokotala mu 1937, komabe boma lake linapalana ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, iye mwini nakacheza kumeneko mu 1971. Lamulo lopima mabuku la mu 1968 linachititsa kuti mphunzitsi aziyeza mawu ake m'kalasi, ndipo Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Kasungu mu 1981, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi achizungu.