Umbani Mapulaneti Pamodzi ndi Ana Anu

Makolo ndi aphunzitsi amene mukutimvera, lero konzani dongo, madzi ndi katoni.

Umbani ndi ana mapulaneti 8 amene amazungulira dzuwa: Mercury, Venus, dziko lathuli, Mars, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune. Venus ndi Nthanda ija timaiona mbandakucha. Pluto musiyeni, akatswiri anamuchotsa m'gululi mu 2006.

Chonde musawaumbe ofanana kukula, chifukwa mwana amasunga zimene manja ake apanga. Dziko likakhala kampira ka sentimita 1, Jupiter akhale wa masentimita 11. Saturn mudulireni mkombero wa katoni.

Dzuwa lokha lijambuleni pansi ndi kamtengo, m'mimba mwake mupitirire mita 1 pang'ono. Kenako mwana anyamule kadziko kaja ayende mamita pafupifupi 117, kudutsa kutalika kwa bwalo la mpira. Akacheuka, muuzeni kuti kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi zoposa 8 kuti kufike pamene waimapo. Ulendo umenewu ndimaukonda kuposa chithunzi cha m'buku, chimene chimapanikiza mapulaneti onse patsamba limodzi. Akafunsa za Neptune, muuzeni kuti ayenera kuyenda makilomita 3 ndi theka.