Kuŵerengera Malo a pa Disiki Tisanasinthe Windows pa Laputopu Yakale

Pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chake chanthaŵi zonse cha Windows 10. Makompyuta okhala ndi pulogalamuyi sanafe tsiku limenelo ayi. Amayakabe ndi kugwira ntchito, koma ming'alu yatsopano imene akuba a pa intaneti amaipeza simatidwanso, kupatula kwa amene analoŵa m'dongosolo lapadera loonjezera nthaŵi. Inu amene mukuphunzira ntchito yauphunzitsi nkhaniyi ikukhudzani motere: kusukulu kumene mudzatumizidwe mwina mukapeza laputopu imodzi yakale, momwe muli maina a ana, malikisi ao ndi makalata a aphunzitsi aakulu. Popeza ndinu ochokera kumene kukoleji, adzakupatsani kuti muikemo Windows 11. Musanadine kalikonse, funso loyamba likhale lakuti: kodi malo alipo?

Microsoft imanena kuti Windows 11, imene inatuluka m'chaka cha 2021, imafuna disiki yosachepera 64 GB. Windows 10 itangotuluka mu 2015 inkafuna 16 GB kapena 20 GB, malinga ndi mtundu wake. Choncho malaputopu aang'ono otsika mtengo amene anagulitsidwa ndi disiki ya 32 GB sangalandire Windows 11, ngakhale titafufutamo zonse.

Koma nambala yolembedwa pa katoni si imene tidzaipeza m'kati. Opanga madisiki amaŵerenga GB imodzi ngati mabaiti 1,000,000,000, pamene Windows imaŵerenga GB imodzi ngati mabaiti 1,073,741,824, chifukwa imachulukitsa 1,024 katatu m'malo mwa 1,000. Motero disiki ya 32 GB imaoneka ngati 29.8 GB, ya 64 GB ngati 59.6 GB, ndipo ya 500 GB ngati 465 GB ndi pang'ono. Palibe waba kanthu. Ndi miyeso iŵiri yokhala ndi dzina limodzi, monga mmene ndoŵa ya wogulitsa chimanga isiyanirana ndi ndoŵa ya wogula.

Chimene ambiri amachiiŵala ndi ichi: pa nthaŵi yosinthayo disiki imasenza zinthu zitatu pamodzi. Pali mafailo oikira Windows yatsopano, amene amapitirira 5 GB ndipo amafunanso malo oti amasulidwire. Pali Windows yatsopanoyo imene ikukhazikika. Ndiponso Windows yakale sitayidwa msanga. Imasunthidwira m'foda yotchedwa Windows.old, imene imasungidwa masiku 10 kuti munthu athe kubwerera ngati zinthu zavuta. Taganizani za mlimi amene akufuna kuthira chimanga chatsopano m'nkhokwe momwe chakale chikadalimo, ndipo sakufuna kuti zisakanikirane. Nkhokwe yokwanira chimanga cha chaka chimodzi siingamukwanire tsiku limenelo. Pamwamba pa izi, kuyambira mu 2019 Windows imatha kudzipatulira malo okwana pafupifupi 7 GB kuti idzagwiritse ntchito polandira zigamba zam'tsogolo.

Tsono tiyerekeze laputopu ya disiki ya 64 GB, imene ikuonetsa 59.6 GB. Windows 10 ndi mapulogalamu ena zatenga 30 GB, ndipo zithunzi, nyimbo za kwaya ndi mavidiyo a tsiku la maseŵero zatenga 22 GB. Chotsala ndi 7.6 GB. Pa pepala laputopuyi yakwanitsa lamulo la 64 GB, koma ntchitoyo ikhoza kuima panjira, bandulo ya intaneti itatha kale ndipo tsiku litapita. Ife timalangiza ophunzira athu kuti asayambe pokhapokha pali malo opanda kanthu osachepera 25 GB. Chiŵerengerochi ndi chathu, si lamulo la kampani. Tachikuza dala, pakuti malo otsala sapweteka munthu.

Chitsanzo chomwechi n'chabwino kuchitengera m'kalasi. Lembani pa bolodi manambala atatu aja, 59.6, 30 ndi 22, ndipo funsani ana ngati tiyambe kapena ayi. Musaŵauze msanga za Windows.old. Asiyeni achotsere, apeze 7.6, ena anene kuti 5 GB ikwana. Kenaka afunseni kuti chimanga chakale tichiika kuti. Mwana amene wayankha funso limeneli waphunzira kuchotsera madesimo, ndiponso wazindikira kuti yankho la samu liyenera kuyesedwa ndi zochitika zenizeni. Ana okulirapo apatseni 64,000,000,000 kuti agaŵe ndi 1,024 katatu, adzionere okha kumene 59.6 yachokera.

Nanga malo tiŵapeza bwanji? Choyamba, ndipo apa sitinyengerera, koperani mafailo onse a sukulu pa fulashi kapena disiki yakunja, kenaka mutsegule ena mwa iwo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopedwadi. Malikisi a ana a chaka chathunthu salembedwanso kuchokera m'mutu. Mukatero sunthani mavidiyo ndi zithunzi, pakuti izi ndizo zimadya malo. Makalata olembedwa ngochepa kwambiri, ndipo kuŵafufuta n'kutaya nthaŵi chabe. Khuthulani Recycle Bin, yang'anani m'foda ya Downloads, ndipo gwiritsani ntchito Disk Cleanup kuchotsa mafailo osakhalitsa. Foda imene simukudziŵa ntchito yake isiyeni, ndipo mafailo a mphunzitsi mnzanu musaŵakhudze musanamufunse mwiniwake. Batire la laputopu yakale silichedwa kutha, choncho lumikizani chaja, ndipo yambani ntchitoyi pa nthaŵi imene magetsi sakonda kuzima kwanuko.

Malo akapezeka, pakadali zipata zina. Windows 11 imafunanso RAM ya 4 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa ya zaka za posachedwapa. Mwa za Intel, zambiri zimene zinatuluka chisanafike chaka cha 2017 siziloledwa. Pulogalamu ya PC Health Check imayeza zonsezi m'kanthaŵi kochepa, motero ndi nzeru kuiyendetsa musanavutike n'kusuntha mafailo. Laputopu ikakanidwa sindiye kuti yatha ntchito. Linux Mint, yomwe ndi yaulere, imatha kuikidwa pa disiki ya 20 GB ndi RAM ya 2 GB, ndipo LibreOffice imene imabwera nayo imatsegula mafailo a Word ndi Excel. Koma kuiika pa disiki yonse kumafufuta zonse zimene zinalipo, choncho aphunzitsi aakulu avomereze kaye.

Zonse zikayenda bwino ndipo Windows 11 yayaka, mudzaona kuti disiki yadzaza kuposa kale. Musathamangire kufufuta Windows.old. Yesani pulinta, tsegulani buku la malikisi, onani ngati zonse zili m'malo mwake. Masiku 10 akatha, Windows idzachotsa yokha fodayo ndipo malo adzabwerera.