Phunziro 17: Tikonze za Chuma Chathu Tidakali Moyo

Mlimi wanzeru amapatula mbewu asanayambe kudya zokolola. Amaganizira za chaka chamawa. Ifenso tiganizire za ana athu tidakali moyo.

Kuno ku Chifunde timalima chimanga, mtedza ndi fodya. Ena tili ndi ng'ombe, ngolo, pulawo ndi njinga. Koma taona zimene zimachitika bambo akamwalira. Maliro asanathe n'komwe, achibale ena ayamba kale kutola katundu. Uyu ng'ombe, uyu njinga. Mayi ndi ana amatsala ndi mphasa yokha. Kodi fodya uja ankalima bambo yekha? Iyayi! Mayinso ankapalira, kuthyola ndi kusoka.

Kodi lamulo likuti bwanji?

M'dziko lathu la Mozambique nthaka ndi ya Boma. Sigulitsidwa. Koma Lamulo la Malo la 1997 likuti ufulu wolima pamunda umapita kwa olowa m'malo, aamuna ndi aakazi chimodzimodzi.

Lamulo la Chuma Chamasiye la 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wamasiye patsogolo, pamodzi ndi ana. Anthu amene akhala limodzi monga banja zaka zoposa 3 nawonso amawerengedwa, ngakhale sanalembetse ukwati. Amalume ndi ankhoswe timawalemekeza. Ntchito yawo ndi kuyanjanitsa mbumba, osati kulanda.

Tsopano tikudziwa kulemba. Tichite zinthu zinayi izi.

Choyamba: tilembe m'kope zonse zimene tili nazo. Ng'ombe zingati, mbuzi zingati, munda ukuthera pati. Tilembenso ngongole ya feteleza ndi gawo lathu la mu koperativa. Tiwerengere banja lonse, ankhoswe ndi amfumu ali pomwepo.

Chachiwiri: tikalembetse ana kuofesi ya kaundula. Mwana amene dzina la bambo ndi la mayi lili pachikalata chake savutika kusonyeza kuti ndi wa pakhomopo.

Chachitatu: testamento. Iyi ndi kalata yonena mmene chuma chidzagawidwire ife titapita. Kope lathu lija silikwanira palokha. Testamento imakhala ndi mphamvu ikadzera kwa notário, mkulu wotsimikiza zikalata. Sitingamane ana kapena mnzathu wa m'banja, pakuti lamulo limawasungira gawo lawo. M'kalatayi tingatchulenso munthu wokhulupirika wodzalera ana aang'ono ngati makolo onse awiri atamwalira. Wolerayo ndi msungi chabe. Chumacho ndi cha anawo.

Chachinayi: procuração. Iyi ndi kalata yopatsa wina mphamvu yotichitira ntchito tili moyo. Mwina tagonekedwa kuchipatala ku Tete. Mwina tawolokera ku Zambia pa Cassacatiza. Ndani adzalandira ndalama za fodya? Tilembe dzina lake ndi ntchito yokhayo imene tamutuma. Kalata imeneyi si yogawira chuma chamasiye.

Ena amati, "Kulemba zotere n'kudziitanira imfa." Si zoona. Kumanga nkhokwe sikuitana njala.

Mafunso
1. Kodi nthaka ndi ya yani?
2. Kodi testamento imasiyana bwanji ndi procuração?
3. Pakhomo pali ng'ombe 4, mbuzi 9 ndi nkhumba 3. Ziweto zonse ndi zingati?

Ntchito ya kunyumba
Lembani mayina a ana anu onse. Pansi pake lembani ziweto ndi zipangizo zanu. Mawa mubwere nalo kopelo.