Phunziro: Mbira Zikayamba Kuthothoka Ubweya

Amayi anzathu, m'makomo ambiri kuno kwa Chitukula, mpaka ku Nambuma ndi kwa Kabudula, mbira timazisunga m'khitchini. Ndi ndiwo ya mlendo wofika mwadzidzidzi, komanso ndi chiweto choyamba cha ana athu. Choncho tikaona chigamba chopanda ubweya pathupi pake, tisamangoti yakalamba. Tiinyamule, tiyang'ane khungu, ndipo tione ngati ikudzikanda.

Zigamba zina n'zosaopsa. Kuseri kwa makutu a mbira iliyonse kuli kamalo kopanda ubweya, ndipo n'chibadwa chake. Yaikazi yoswa mowirikiza imathothoka m'nthiti. Bere lake limatenga masiku 59 mpaka 72, ndipo ikaswa imatha kutenga lina tsiku lomwelo. Tiipatule kwa yaimuna kuti ipume, ubweya udzamera. Zikathithikana m'khola zimadyerananso ubweya. Umaoneka ngati wodulidwa ndi sizasi, koma khungu lili losalala.

Ikamadzikanda mosalekeza mpaka kudzitema mabala, makamaka m'khosi, m'mapewa ndi pamsana, khungu n'kuchita nkhanambo, kawirikawiri imakhala mphere. Imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timaboola khungu. Ululu wake ndi woopsa moti zina zimagwa n'kumaphupha ngati zakhunyu, kenako zimaonda n'kufa. Nsabwe ziliponso, koma izo timatha kuziona zikuyenda mu ubweya. Mankhwala othandiza ndi ivermectin, ndipo amaperekedwa kangapo. Mlingo wake atiyezere ndi mlangizi wa ziweto, chifukwa kanyama aka n'kakang'ono. Zonse za m'kholamo zilandire, zinyalala zakale titenthe.

Chomwe chiyenera kutidetsa nkhawa ife amayi ndi chipere. Chimayamba pamphuno, m'maso mozungulira kapena m'makutu, chigamba chake chimakhala chozungulira ndi chotuwa, ndipo chimapatsirana kwa anthu. Nanga amene amafungatira mbira tsiku lonse ndani? Si ana athu omwewa? Yodwalayo tiipatule, woisamala asambe m'manja ndi sopo, ndipo mwana akatuluka chipere tipite naye kuchipatala.

Palinso nkhani ya chakudya, yomwe ambirife timaipeputsa. Mbuzi ndi kalulu zimadzipangira zokha vitamini C m'thupi, koma mbira ili ngati munthu: iyenera kumupeza m'chakudya tsiku ndi tsiku. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, msipu ukauma, timangozithirira gaga ndi makoko a chimanga. Mmenemo mulibe vitamini ameneyu. Pakangotha masabata ochepa ubweya umanyankhalala ndi kuyoyoka, mfundo za miyendo zimatupa, m'kamwa mumatuluka magazi, ndipo mphere imapezerapo mwayi. Pobwera kudimba tizizitengera kholowa, chisoso, bonongwe, masamba a mpiru kapena a kabichi, ngakhale magwafa akapezeka. Zabere ndi zoyamwitsa zimafuna zambiri.

Chomaliza tichigwiritse bwino. Tisayerekeze kumwetsa mbira makapisozi otsala a ana, monga amoxicillin kapena penicillin. Amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, imatsekula m'mimba n'kufa m'masiku ochepa. Oilo wakuda wa galimoto ndi mankhwala opopera fodya kapena matimati nazonso tisazipake, pakuti mbira imadzinyambita, ndipo mawa ndi ife tomwe tidzaiike mumphika.