Kodi wachinyamata angadzitulutse yekha m'chipatala?

Achinyamata anzanga, phunziro la mwezi uno lili pa funso ili: mnyamata kapena mtsikana akagonekedwa kumalo othandizira odwala maganizo kapena amene alowerera ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ayenera kukhala ndi zaka zingati kuti anene kuti "ndikupita kwathu" popanda chilolezo cha makolo?

Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo ku America ngakhale zigawo za dziko lomwelo zimasiyana. Tiyeni titenge chigawo cha Washington, kumene kuli mzinda wa Seattle.

Kumeneko malire ndi zaka 13. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 17 akhoza kupita yekha kukapempha kuti agonekedwe, bola wamkulu wa zachipatala pamalopo avomereze kuti akufunikadi chithandizo. Wolowa mwa kufuna kwake alinso ndi ufulu wotuluka mwa kufuna kwake. Amalemba kalata yonena kuti akufuna kuchoka, ogwira ntchito amadziwitsa makolo ake, ndipo ayenera kumutulutsa pofika tsiku lachiwiri logwira ntchito makhoti chilandirireni kalatayo. Masiku awiriwa ali ndi ntchito. Amapereka mpata woti katswiri aone ngati mwanayo angadzivulaze kapena kuvulaza ena. Zikakhala choncho akhoza kusungidwa ngakhale asakufuna, ndipo nkhaniyo imapita kukhoti.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi apa: zaka pazokha siziyankha funso lathu. Tiyeneranso kufunsa kuti anamulowetsa ndani. Ngati anabwera naye ndi makolo, lamulo silifuna chilolezo cha mwanayo, ndipo kalata ija siitsegula chitseko, ngakhale atakhala ndi zaka 17. M'chaka cha 2019 mphamvu ya makoloyi inawonjezedwa kuti ikhudzenso chithandizo choyendera, ndipo mu 2020 inafika kumalo okhalako nthawi yaitali. Komabe makolo sangangotsekera mwana chifukwa chakuti ndi wamwano. Achipatala ayenera kupeza kuti akudwaladi, katswiri wina wotumidwa ndi boma amaunikanso nkhaniyo pakati pa masiku 7 ndi 14, ndipo mwanayo ali ndi ufulu wopempha khoti kuti limutulutse. Akakwanitsa zaka 18, mphamvu ya makolo imatha.

Ine ndimaona kuti kudikira masiku awiri kuja n'kwanzeru. Munthu amene wakhala masabata angapo osagwiritsa ntchito heroin, thupi lake limasiya kuzolowera. Akatuluka n'kukabaya mlingo womwe ankabaya kale, akhoza kusiya kupuma n'kufa. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a matenda a maganizo nakonso kungadzutse matendawo. Choncho wotuluka ayenera kuchoka ndi mankhwala ake komanso tsiku lodzaonananso ndi dokotala, osati kudumpha mpanda usiku.

Chenjerani, malamulowa ndi a ku Washington, sagwira ntchito kuno. Zaka 13 zimapezekanso m'lamulo lathu la HIV ndi Edzi la 2018, koma zikukhudza kukayezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo, osati kudzitulutsa m'chipatala. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Kambiranani m'kalabu yanu:

1. Mnzanu wa zaka 15 wakuuzani kuti akufuna kuthawa m'chipatala. Mungamulangize chiyani, nanga mungauze ndani?

2. Kodi makolo ndi mwana akasemphana maganizo pa za chithandizo, woweruza akhale ndani?