Mwaika madisiki kumbuyo, mabuleki akukana kugwira? Musathamangire kugula master cylinder

Ena mwa inu amene mumanyamula mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Tsangano ndi ku Lizulu mwachotsa madilamu akumbuyo pa mapikapu anu n'kuikapo madisiki. Kenako potsetsereka pa M1 mukumva kuti akugwira ndi mabuleki akutsogolo okha, mapadi akutha msanga. Amakaniko ambiri amayamba ndi kukutumani kukagula master cylinder yatsopano. Ndalama ya matumba angapo imeneyo, pamene vuto nthawi zambiri lili pena.

Yambani ndi phazi lanu. Ngati chopondera chili chofewa koma chikulimba mukapopa kangapo, m'mapaipi muli mpweya. Mukabulida kawiri osasintha, suzumirani pa kalipa. Kanipo kotulutsira mpweya kayenera kukhala pamwamba. Makalipa ogula ku zigulugulu zakale amasinthanitsidwa, wakumanja n'kumangidwa kumanzere, kanipo n'kuyang'ana pansi. Mpweya umakwera m'mwamba, choncho mutha botolo lonse la DOT 4 osautulutsa. Kukonza kwake n'kungowasinthanitsa.

Chopondera chikakhala cholimba koma kumbuyo osagwira, kayikirani valavu ya katundu. Mapikapu ambiri, monga Hilux zakale, ali nayo pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, yolumikizidwa ndi kachitsulo. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, valavuyi imatsegulira mafuta ambiri kumbuyo. Ikakhala yopanda katundu, imachepetsa. Apa ndi pamene ambiri a ife tadzikola tokha: timawonjezera masipuling'i kuti tinyamule matumba ochuluka, galimoto n'kusiya kutsika, valavu n'kumayesa kuti simunanyamule kanthu. Komanso inapangidwira madilamu, omwe amagwira ndi mphamvu yochepa kuposa imene madisiki amafuna. Uzani makaniko aichune, ndipo aibulide ngati ili ndi kanipo kake, komwe kamaiwalika kawirikawiri. Wina akakuuzani kuti ingochotsedwa, kanani. Pobwerera opanda katundu mvula itagwa, matayala akumbuyo adzamanga, galimoto n'kutembenuka.

Poyesa, ikani jeke pansi pa ekiselo, osati pa chasisi, wina aponde inu mukuzungulitsa tayala ndi manja. Ekiselo ikalendewera, valavu ija imatseka ndipo mudzanamizidwa.

Makalipa ena amadzichuna kudzera pa handibuleki. Ngati waya wake sunalumikizidwe, mapadi amakhala patali ndi disiki ndipo chopondera chimapita pansi.

Master cylinder ibwere pomaliza. Chizindikiro chake n'chakuti mukaponda osasiya, chopondera chimamira pang'onopang'ono pamene palibe pakudontha. Nthawi zina imakhala yabwinobwino koma yaing'ono, poti makalipa amamwa mafuta ambiri kuposa masilinda a dilamu. Pogula ina, tengani yakaleyo mukayerekeze kukula kwa bowo lake. Mukatha kukonza, yesani pamalo osalala galimoto ili ndi katundu, musanalowe mtsetse wa tsiku la msika.